Dzino la Mkuwa pa Sipuloketi ya a Jobson

Nthawi inali isanakwane 8 koloko m'mawa, koma a Jobson anali atachotsa kale tayala lakumbuyo. Njinga yawo yamoto inali itakhazikidwa pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, pomwe a Timoteyo amakonzera njinga pa Mkanda. Manja anali bii ndi girisi, mluzu uli pakamwa. Anthu anali atatenga nthawi asanawamve akuimba mluzu, chifukwa njingayo inakhala dzinja lonse pakhonde itafundidwa masaka.

A Jobson ndi bambo wa ana atatu, wamfupi, wa mawu ochepa. Kabaza anayamba ndi njinga yakapalasa, kututa matumba a mtedza m'midzi. Bungwe lina la zaulimi litatseka ntchito yake, linagulitsa njinga zamoto ziwiri zomwe alangizi ankayendera, zofiira, zazitali, zochokera ku Japan. Imodzi anagula a Jobson, inayo anagula mnzawo wa pa siteji, Vitus. Ena onse ankayendera njinga za ku China, zomwe zipangizo zake zimapezeka paliponse. Ziwirizi zinalibe zinzake dera lonselo. Mvula ikagwa, matope akafika m'mawondo, odwala ndi amayi oyembekezera ankatumiza uthenga kwa a Jobson kapena Vitus, chifukwa njinga zawo zokha ndi zomwe zinkawoloka madambo.

Vuto linali sipuloketi, chitsulo chozungulira cha mano chija chimene tcheni chimakolapo kuti tayala lizungulire. Ya a Jobson mano ake anatha mpaka kusongoka ngati minga, tcheni n'kumadumpha pa kachitunda kalikonse. Anaitembenuza kuti ayendere mbali inayo, nayonso inadyeka. Anainyamula m'jumbo kupita nayo pa boma, ku Lilongwe, mpaka ku Chipata. Kulikonse wogulitsa ankaitenga, kuyang'ana mabowo ake, n'kupukusa mutu. Za ku China zimakhala ndi mabowo anayi, iyi inali nawo asanu ndi limodzi. Anayesapo kuboola ya ku China kuti ikwane, koma inathyola mabawuti pamtsetse, n'kugwetsa mayi wina pamodzi ndi dengu lake la mazira. Kuyambira pamenepo njinga inaima, ndipo banja linkadalira mandasi a akazi awo, a Zelifa.

Vitus iye anali atapita kale. M'nyengo yogulitsa fodya ananyamula anthu awiri achilendo omwe amati akupita kumalire. Anamupeza mawa lake m'munda wa chimanga, manja atamangidwa kumbuyo ndi linya, m'mutu atamutema ndi chikwanje. Njinga panalibe. A Jobson ananyamula nawo bokosi mpaka kumanda.

Mvula itakata, dalaivala wina wa thiraki anawauza za munthu wogulitsa zitsulo zakale tsidya la malire, panjira yachidule imene amadutsa anthu a makala. Anapita wapansi. Anapeza bamboyo atayala zitsulo pa masaka, ndipo pakati pake panali sipuloketi ya mabowo asanu ndi limodzi, yokutidwa ndi girisi wouma ndi dothi. A Jobson nkhope anaiumitsa. Sanaipukute, sanafunse komwe inachokera. Aliyense wozolowera msika amadziwa kuti ukachiyang'anitsitsa chinthu, mwini wake amaona kuti wachifunitsitsa n'kukweza mtengo. Anaitola ngati chinthu chotola pamsewu, n'kulipira, n'kuiponya m'jumbo.

Ndiyo imene ankafuna kumanga m'mawa umenewo.

Pa siteji pali chizolowezi chakuti njinga ya mnzako ikamasulidwa sumangoyang'ana manja ali m'thumba. Wina amagwira sipanala, wina amatsuka tcheni. Anyamata anasonkhana, ndipo Kenny, mng'ono wake wa malemu Vitus, ndi amene anatola sipuloketiyo, n'kuthira petulo m'kabeseni, n'kutenga mswachi wakale.

"Achimwene, ndiye ng'ombe yanu ija ikudzuka lero?" anafunsa Kenny.

"Ikadzuka, makasitomala onse munabwereka aja abwerera kwa eni ake," anayankha a Jobson.

"Ife tizingonyamula nkhuku basi," anatero wina, anthu n'kuseka.

Kenny ankatsuka dzino limodzilimodzi, petulo n'kumada. Kenako mswachi unaima. Pakati pa mano akuda panatuluka dzino limodzi lachikasu.

Panalibe munthu pa sitejiyo amene sankalidziwa dzino limenelo. Sipuloketi ya Vitus inathyokapo dzino, ndipo a Timoteyo anawotcherera lina ndi mkuwa n'kulipala bwinobwino. Anzake ankamuseka kuti njinga yake yaika dzino lagolide ngati munthu wochokera ku Joni.

Kenny anaimirira pang'onopang'ono, chitsulo chikudontha m'manja.

"A Jobson, iyi mwaitenga kuti?"

A Jobson anatembenuka, n'kuliona dzinolo. "Ndagula tsidya, Kenny. Sindinaipukute ayi."

"Dera lonse lino njinga yomwe ingalowe chitsulo ichi ndi yanu yokha. Ndani winanso akanachifuna?"

Yankho sanalidikire. Anawamenya ndi sipuloketi yomweyo pakhutu, mano ake n'kung'amba tsaya mpaka pachibwano. A Jobson anagwera pa njinga, njinga n'kuchoka pa njerwa n'kuwapsinja mwendo. Wina anakuwa kuti wopha Vitus wapezeka, ndipo msika wonse unakhuthukira pansi pa mango paja. Ambiri sanadziwe kuti nkhani yayamba bwanji. Anabwera ndi njerwa, mipini, wina ndi pampu ya njinga. Anawakoka miyendo kuwachotsa pansi pa njinga, malaya n'kutsala m'manja mwa anthu. A Jobson anaphimba mutu ndi dzanja lamanja, ndipo anamva fupa likuthyoka pamene tcheni chawo chomwe chinatera pamkono. Pakati pa miyendo ya anthu anaona nkhope zomwe ankazidziwa: bambo amene anawanyamulira mwana wodwala malungo, mayi amene ankawapatsa nthochi. A Zelifa anabwera akuthamanga, ufa uli m'manja, koma amayi anzawo anawagwira m'chiuno, iwo akulira kuti, "Bambo a ana anga, mundisiyire bambo a ana anga."

Wina anagubuduza tayala lakutha n'kuwaveka m'khosi. Kenny ananyamula kabeseni kaja n'kuwakhuthulira petulo wakudayo pamutu. Analowa m'mabala, m'maso, m'kamwa. A Jobson sanathenso kuona, anangomva kabokosi ka machesi kakukhutchumuka.

A Timoteyo sanapemphe chifundo, chifukwa anaona kuti palibe akanawamvera. Anangomugwira Kenny padzanja mwamphamvu.

"Dzino limenelo ndinaika ndine, ndipo mkulu wako ndinamusambitsa ndine. Yatsa ngati ukufuna. Koma munthu amene wagulitsa chitsulochi, akutilozera ndani akapsa uyu?"

"Akunama, mdala. Palibe wogulitsa."

"Mwina akunama. Ndiye wopha munthu angabweretse chitsulo cha malemu n'kupatsa mng'ono wake kuti atsuke? Injini ili kuti? Thanki ili kuti? Phulusa sulifunsa kanthu, Kenny."

Kenny anali atagwira ndodo ya machesi pakati pa zala. Anthu akumbuyo ankakankha kuti ayatse. Iye anaibwezera m'kabokosi, n'kuwaponda a Jobson m'nthiti kamodzi, n'kunena kuti amangidwe. Anawamanga ndi mphira pamtengo wa mango, tayala likadali m'khosi, a Timoteyo ataima patsogolo pawo ndi nyundo mpaka apolisi anafika.

Atatuluka m'chipatala, a Jobson anatsogolera apolisi ndi Kenny panjira ya makala ija. Anapeza udzu wogona pomwe panali masaka, ndi mabawuti ochepa m'dothi. Ogulitsa makala anati munthuyo anasamuka atangomva za pa Mkanda, ndipo dzina lake palibe ankalidziwa. Mlandu sunawagwire a Jobson, koma sunawatsukenso. Mpaka lero pa msika pali anthu omwe amawapatsa moni, ndi ena omwe amayang'ana kumbali. Kenny anasamukira siteji ina. Sipuloketi ija inatsala kupolisi ngati umboni, ndipo njinga inabwerera pakhonde.

Khutu lamanzere silimvanso. Mkono unalumikizana mokhota pang'ono, koma amati chiwongolero angathe kugwira. Masiku ano amathandiza a Zelifa kuwaza nkhuni za mandasi, ndipo Loweruka lililonse amavundukula njinga, kuiliza injini kanthawi kuti isafe, n'kuifundanso.

Ine ndimakhala nawo moyandikana, ndipo ndimakaoda zitenje ku Chipata. Zonsezi anandifotokozera okha tili pakhonde pawo, mwana wanga Shalom atagona kumsana. Nditatsanzika, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sipuloketi yawo yakale ija, ya mano osongoka, atakulunga m'kansalu.

"Mayi a Shalom, inu mumadziwana ndi amayi okaoda ku Lusaka. Muwapatse iyi aziyerekeza, mwina kumeneko ingapezeke. Koma ikhale yatsopano, ili m'pepala lake losatsegula. Yochotsa panjinga ina musanditengere, ngakhale akupatseni ulere."