Tsiku Limene a Nyaharawa Anachotsa Mbale

Chaka chilichonse, dzuwa likayamba kuwawa ndipo majakaranda a m'misewu ya Blantyre akayamba kugwetsa maluwa, nyumba ya a Msiska ku Chitawira inkadzaza alendo. Nyumbayo inali pafupi ndi Chichiri, ndipo ku Chichiri n'kumene kunali zambiri zimene munthu wochokera kutali amafuna kuona: bwalo la chionetsero, sitediyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi masitolo akuluakulu. Choncho munthu wa ku Rumphi akakhala ndi ulendo wa ku Blantyre, kaya ndi mlimi wa khofi wopita ku chionetsero, kaya amayi a kwaya opita ku mpikisano wa nyimbo, kaya wachibale wa wachibale wofuna kuonera fainolo ya mpira, pokwera basi ankauzidwa mawu amodzimodzi: ukakatsika pa Wenela, ukafunse kwa a Nyaharawa.

Dzina lawo la pa ubatizo linali Vailet, koma ankaligwiritsa ntchito ku chipatala kokha. Anabwera m'tauni kuchokera ku Rumphi mu 1984 pamodzi ndi amuna awo, a Simeon Msiska, amene anali kalaliki m'boma. Iwo ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde, ndipo ana awo anayi anakula akumva phokoso la makina osokera.

A Msiska atapuma pa ntchito, awiriwa anagawana ntchito ya alendo. Amuna ankayenda nawo m'tauni, atavala jekete ngakhale kutenthe bwanji, n'kumafotokoza chaka chimene nyumba iliyonse inamangidwa. Akazi ankatsala kukhitchini. Lamulo linali limodzi: mlendo asadye m'tauni. Tchipisi cha pachiwaya, kanyenya wa ku Kamba, zitumbuwa za pasiteji, zonsezi mlendo ankaloledwa kuzinunkhiza basi. Firizi imodzi yoziziritsa kukhosi inkaloledwa. Sitinena kuti a Nyaharawa ankaphika kuposa amayi onse a mu Chitawira, ndipo eni akewo sakanalola kuti tinene choncho. Koma mbale zinkabwerera kukhitchini zopanda kanthu, ndipo iwo ankaziyang'ana imodziimodzi asanazitsuke.

Mu Okutobala wa 2009 kunabwera alendo a mtundu wina. Mwana wawo wotsiriza, Sibongile, amene anali namwino, anapeza mnyamata wotchedwa Jonas Fole, makaniko wa ku Bangwe, kwawo ku Nsanje. Jonas anali atanena mosabisa kuti bambo ake, a Ambrosi Fole, nkhaniyi sanailandire bwino. Mtsikana wa kumpoto, wa mpingo wina, wophunzira, wokulira m'tauni: kodi angadzalemekeze anthu akumudzi? Pomaliza mkuluyo anati kwaya ya parishi yawo ikamapita ku chikondwerero cha nyimbo ku Blantyre, iye ndi mkazi wake Teresa adzakwera nawo, akaone okha pakhomo pamene mtsikanayo anakulira. Akakakhutira, adzatumiza anthu okamba za malowolo. Akapanda kukhutira, nkhani idzathera pomwepo.

Loweruka la ulendowo Sibongile anali pa ntchito, ndipo Jonas anauzidwa ndi bambo ake kuti asaonekeko, chifukwa akuluakulu amaonana okha. A Msiska anakatenga alendo m'mawa ku Bangwe, kumene anafikira. Poti anali Akatolika, anayamba nawo ku Chilomoni kukaona pamene Njira ya Mtanda imayambira kukwera phiri la Michiru, kenako n'kubwerera ku Chichiri.

A Nyaharawa anadzuka kusanache. Anaphika mpunga wa kilombero umene mlongo wawo anatumiza kuchokera ku Karonga. Anaphika mbalagha, nthochi zaziwisi zosakaniza ndi nyama, monga amaphikira kwawo. Nkhuku inali yachikuda, yosankhidwa ndi iwo eni ku msika wa Zingwangwa ataipimapima pachifuwa. Panali nkhwani wotendera, nyemba, ndi chambo chowamba. Anatulutsa mbale zoyera za mkombero wagolide, zimene zinkatuluka pa Khirisimasi pokha.

Alendo anafika cha m'ma wani koloko. A Ambrosi anali wamtali, wowonda, wa chipewa chakuda, ndipo khutu lina silinkamva bwino, moti polankhula nawo ankapendeketsa mutu. Mayi Teresa anali wamfupi ndi wachete. Chichewa ankachimva, koma poyankha ankayamba ayang'ana amuna awo. Anapereka thumba la masau ndi malambe, moni anachitika, ndipo a Msiska anatuluka kukagula zakumwa zozizira pa okala.

A Nyaharawa anabweretsa mbale imodziimodzi mpaka tebulo linadzaza. Kenako anagwada chapambali.

"Tapezako kachakudya pang'ono," anatero.

A Ambrosi anayang'ana tebulo lonse, nawomba m'manja mwaulemu. "Takhuta, mai. Takhuta."

"Takhuta," anatero Mayi Teresa chapansipansi.

A Nyaharawa anaganiza kuti sanamve bwino. "Mwati mwakhuta?"

Mkuluyo anapendeketsa mutu, nagwira mawu omalizawo okha. "Eee, takhuta kwambiri. Kwambiri ndithu."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ali m'tauni, a Nyaharawa ankacheza kwambiri ndi anthu akwawo, kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo Chisena ankangochimvera patali m'minibasi. Sankadziwa kuti kwa anthu a ku Chigwa cha Shire mawu akuti takhuta ndiwo zikomo. Iwo anamva zimene munthu aliyense wolankhula Chichewa akanamva: mimba zathu zadzaza, chakudya chanu sitichifuna.

Kukakamiza mlendo amene wakana kawiri n'kudzichotsera ulemu. Anadzuka, nayamba kuchotsa mbale monga anazibweretsera, imodziimodzi. Nkhuku inatuluka poyamba, kenako mpunga, kenako chambo. Alendo anaperekeza mbale iliyonse ndi maso mpaka pakhomo la kukhitchini. Pambuyo pake Mayi Teresa anaulula kuti amuna awo anawanong'oneza kuti mwina ndi mwambo wa kumpoto: amayamba aonetsa chakudya, kenako amakachigawa. Choncho anakhala phee, manja pa maondo, kudikira.

A Msiska pobwera ndi mabotolo anakumana ndi akazi awo kuseri kwa nyumba.

"A Msiska, mwawadyetsa chiyani anthuwa?"

"Ine? Firizi imodziimodzi basi."

"Musandinamize. Mwadutsa nawo pa chiwaya."

"Nyaharawa, ndikulumbira. Chimanga chootcha ndadya ndekha, ndiponso mobisa, iwo akuyang'ana sitima yakale ija ku miyuziyamu."

"Ndiye akhuta chiyani? Mphepo?"

A Msiska anakanda m'mutu. "Akana?"

"Kawiri. Mwamuna ndi mkazi yemwe."

Onse awiri ankadziwa tanthauzo la munthu wobwera kudzaona pakhomo n'kukana chakudya cha pakhomopo. A Nyaharawa anaganiza za Sibongile, amene m'mawa uja asanapite ku ntchito anasita nsalu ya patebulo kawiri.

"Pitani mukacheze nawo," anatero. "Ndiyesa tiyi. Tiyi sakhutitsa munthu."

A Msiska analowa, nayamba kufotokozera alendo mbiri ya njanji ya ku Limbe. Patapita nthawi a Nyaharawa anatulukira pakhomo ndi thireyi ya tiyi wamkaka ndi masikono. Maso a a Ambrosi anawala. Anawomba m'manja thireyi isanafike n'komwe.

"Aa, mai, takhuta!"

A Nyaharawa anaima, natembenuka ndi thireyi yawo, nabwerera kukhitchini. A Msiska anatsokomola n'kupitiriza za njanji.

Kukhitchini kunali kotentha ngati mu uvuni, ndipo chakudya chonsecho sichikanafika madzulo. A Nyaharawa anatenga mbale ya mbalagha napita nayo kumpanda. Kuseri kwa mpandawo kunkakhala Mayi Bernadeta, amene anasamukira m'nyumbayo miyezi itatu yapitayo kuchokera ku Machinjiri. Ankagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo mawu awo ankamveka nyumba zitatu.

"Aneba! Bwerani mulandire, zingawonongeke."

Mayi Bernadeta anabwera akupukuta manja pa chitenje, navundukula mbale, nanunkhiza. "Mayo ine! Zimenezi n'zanga? Takhutatu, amayi, takhuta!" Ndipo pomwepo anatola nthuli n'kuponya m'kamwa.

A Nyaharawa anawayang'anitsitsa. "Nanunso?"

"Nanenso chiyani?"

"Mukuti mwakhuta, koma mukudya."

Mayi Bernadeta anaseka ali ndi nyama m'kamwa. "Pepani, lilime latembenuka. Ndamva Chisena pawindo lanupo, ndiye ndakumbuka kwathu ku Ngabu. Kwathu takhuta ndi zikomo."

"Ndi chiyani?"

"Zikomo. Kuthokoza. Inu kwanu simuti yewo?"

A Nyaharawa anagwira mpanda. "Ndachotsa mbale."

"Mbale zanji?"

"Zonse. Anati takhuta, ine n'kuchotsa. Ndi tiyi yemwe."

Atamva kumene alendowo anayenda ndi zimene zinali patebulo, Mayi Bernadeta anasiya kutafuna. "Anthu achoka ku Bangwe m'mawa, mwawakweza phiri, mwawaonetsa nkhuku, n'kuibweza?" Kenako anakhala pansi pa udzu, mbale ili pamiyendo, n'kuseka mpaka misozi. "Amayi inu, thamangani! Akuluakulu a kwathu sapempha chakudya. Afa ndi njala pampando wanu wa sofa!"

A Nyaharawa sanathamangepo chichokereni ku sukulu, koma tsiku limenelo anathamanga. Polowa pabalaza anapeza a Ambrosi ataimirira, chipewa chili m'manja, Mayi Teresa akumanga bwino mpango. Mkuluyo ankauza a Msiska, mwaulemu koma mouma, kuti pakhomo paoneka, ndipo akufuna akafike ku Bangwe dzuwa likadalipo.

A Nyaharawa anagwada pakhomo penipeni, moti panalibe podutsa.

"Bambo, musapite. Ndalakwa ine. Ndinamva ngati mukuti mimba zadzaza."

A Ambrosi anapendeketsa mutu. "Mwati bwanji?"

"Takhuta uja!" anakuwa a Nyaharawa, ulemu wonse wa mawu apansipansi atauiwala. "Ine ndimayesa mwakana chakudya changa! Sindimadziwa kuti mukuthokoza!"

Woyamba kumvetsa anali Mayi Teresa. Anagwira pakamwa, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Analankhula mofulumira m'Chisena pafupi ndi khutu labwino la amuna awo. Mkuluyo anayang'ana a Nyaharawa, nayang'ana tebulo lopanda kanthu, ndipo pang'onopang'ono anakhalanso pansi. Kuseka kwake kunayambira m'mimba.

"Ine ndimati anthu a kumpotowa ndi ochenjera," anatero akupukuta maso ndi chipewa. "Chakudya amangoonetsa ngati ku chionetsero, osagwira!"

"Nkhuku ija ndinaiwerenga ziwalo ikutuluka," anatero Mayi Teresa m'Chichewa chomveka bwino. Aka kanali koyamba kulankhula osayang'ana amuna awo.

Mbale zinabwerera patebulo mofulumira kuposa mmene zinachokera. Mayi Teresa anakana kukhala, nalowa nawo kukhitchini kukathandiza kutenthetsa mpunga, ndipo kumeneko amayi awiriwo anasekanso pamene a Nyaharawa anasonyeza mmene anatembenukira ndi thireyi. Mbalagha inali itapita kuseri kwa mpanda, koma mumphika munali mutatsala ina. Mayi Bernadeta anaitanidwa kuti adzakhale womasulira, ngakhale kuti ntchito yaikulu imene anagwira inali ya chambo.

A Ambrosi anadya mwakachetechete, mosafulumira, ngati munthu amene akulima ndime yake. Nthochi zophika ndi nyama anali asanadyepo. Anayamba ndi kachidutswa, kenako anakokera mbale pafupi. A Nyaharawa ankaima pakhomo, ndipo mbale ikangotsika ankawonjezera. Atawonjezera kachitatu, mkuluyo anaphimba mbale yake ndi manja onse awiri.

"Tsopano tandiuzeni," anatero, "ndinene mawu ati kuti musiye? Ndikati takhuta muziti ndikuthokoza, mubweretsanso ina."

"Ingogonani pansi, bambo, aona okha," anatero Mayi Bernadeta.

Atasamba m'manja, a Ambrosi anafunsa a Msiska ngati mwezi wa Novembala uli bwino kulandira anthu, mvula isanatseke njira. Anati adzatumiza mng'ono wawo ndi munthu wina wa ku parishi. A Msiska, amene nthawi zonse ankakhala ndi mawu okonzeka, anangoti, "Uli bwino," kenako anabwerezanso.

"Mawa kwaya yathu ikuimba," anatero mkuluyo potuluka, akutembenukira kwa a Nyaharawa. "Mubwere mudzamve, asewere. Mubwere ndi mwana uja, timuone."

A Nyaharawa anaperekeza alendo mpaka pa siteji ya minibasi. Pobwerera anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, mumthunzi. Mawu akuti asewere amanenedwa pakati pa makolo amene ana awo akwatirana, ndipo mkuluyo anawanena pamaso pa anthu, malowolo asanakambidwe. Atafika kunyumba anakhala pakhonde, pafupi ndi makina osokera, natulutsa foni pa chitenje n'kuimbira Sibongile.

"Amama, zayenda bwanji? Adya?"

"Adya."

"Anena chiyani?"

"Mawa uvale diresi lako la buluu lija, lalitali. Tikupita kukamvera kwaya ya apongozi ako."