Tsiku lomwe ndinavuuka pa dooko la apongozi

Ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amati ndi zocheza za pamowa, koma ine mowa ndinasiya kalekale, ndipo chipsera mukuchiona pamphumipa sindinachite kugula kusitolo. Zinandichitikira ndithu, m'zaka za m'ma 1950, sitima itangoyamba kumene kufika ku Moatize, ine ndevu zikungomera.

Kwathu ndi ku Zobwe, kumapiri, komwe mtsinje umangoudumpha osavula n'komwe nsapato, ndiye kusambira ndikanaphunzirira kuti? Ndinatsikira ku Moatize kukagwira ntchito pamgodi wa malasha, mbali ya mapampu opopa madzi, ndipo kumeneko ndinaona mtsikana wa ku Benga, Mnyungwe, mwana wa msodzi wa pa Revubwe. Mtsikanayo anandilola, mayi ake sanakane, koma bambo akewo, eee! Ankati mwana wawo sangamupereke kwa mbuzi ya kumapiri yothawa ngakhale mame, nanga bwato likadzagubuduka ndidzapulumutsa ndani? Ankanena zimenezi ine ndili pomwepo nditakhala pansi mwaulemu, anzawo n'kumafa ndi phwete. Zinkandiwawa, ndisaname, mpaka chakudya chinkandikanika.

Patarau wathu, ndiye kuti bwana wa kumapampuko, anali Mpwitikizi wowonda, wokonda zachilendo. Anali ndi botolo lachitsulo, iye ankati galafa, lomwe ankalitumiza ku Beira kukadzazitsa mpweya n'kubwerera pa sitima. Ukalibereka kumsana n'kuluma kapaipi kake ka mphira, umapuma pansi pa madzi ngati uli pakhonde pako. Azungu anzake ankamuseka, ndiye anayamba kunyengerera ine kuti ndiphunzire. Ankati pansi pa madzi kulibe kapitawo, kulibe belu, kulibe fumbi la malasha, thupi limapepuka ndipo nsomba zimabwera kudzakuyang'ana m'maso. Zonsezo kwa ine zinali nthano chabe. Chomwe chinandikola n'chakuti ngakhale munthu wosadziwa kusambira akhoza kumangoyenda pansi pamchenga. Ndinati mdala uja amayenda pamwamba pa madzi ndi bwato, ine ndikayenda kunsi kwake, tione kuti mbuzi ndani.

Tinayamba kuphunzira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pamalo osaya, ine nditamangidwa chingwe m'chiuno, patarau atagwira nsonga yake kumtunda. Anandiuza kuti ndisamabanike dala, ndisamapupulume, ndipo mpweya ukayamba kuvuta kukoka ndizivuuka nthawi yomweyo. Ndipo mzungu uja sananame ayi, pansi pa madzi n'pokoma abale. Pali zii, kuwala kumagwa ngati mvula ya dzuwa, tinsomba timabwera kudzakujompha zala, ndipo ine amene ndinkathawa mame ndinkachita kukanirira kutuluka.

Ndiye ankhoswe anga anatumiza mawu kuti atsika kuchokera ku Zobwe sabata yotsatira kudzamanga nkhani ya ukwati. Ndinachonderera patarau kuti Lamulungu, iwo asanafike, tikalowere m'madzi pa dooko la asodzi ku Benga, mdala aone ndi maso ake. Chinali chilimwe, madzi ali mbee. Ndinavala galasi kumaso, mapazi a mphira ngati a bakha, lamba wa mtovu wondilemeretsa, galafa kumsana, asodzi onse atasiya maukonde n'kundizungulira. Patarau atangondimanga chingwe chija, mdala anauza anzake mokweza kuti taonani mbuzi yabwera ndi chingwe chake chomwe. Ndinamasula chingwe n'kuchiponya pamchenga, patarau akukuwa m'Chipwitikizi, ine n'kuti phava m'madzi.

Sindinadziwe kuti pa dooko limenelo madzi amakoka pansi. Ndinangoponda kawiri katatu, mchenga n'kundithawa kumapazi, madzi n'kundinyamula ndi galafa langa lomwe. Anandigubuduza, kundikhotetsa pakona, kundimenyetsa pamiyala, mpaka ndinakumbatira mwala wina waukulu n'kuukakamira ndi manja ndi miyendo. Mtima utakhazikika pang'ono ndinayang'ana kutsogolo kuti ndione komwe ndafika, ndipo ndinaona miyendo. Miyendo yambiri, anthu inu, kuyambira m'mawondo kutsika, Mulungu ndi mboni yanga sindinakweze maso. Ndinali pa dooko la amayi, panthawi yosamba.

Inu a masiku ano mwina simungamvetse. Mwamuna akamayandikira dooko la amayi ankaima patali n'kufuula odi, osasuntha mpaka amuyankhe, ndipo wogwidwa akusuzumira unali mlandu woti mudzi wonse umulavulire. Tsono odi ungamunene bwanji paipi ili m'kamwa? Ndili mkati moganiza zimenezo, pafupi ndi mwala wanga panaponda phazi lovala chigwinjiri chamkuwa, chala chachikulu chopindikira kunja. Phazilo ndinalizindikira. Nkhope ya mayi a mtsikana uja sindinkaidziwa bwino, paja mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, ukakumana nawo umapatuka n'kugwetsa nkhope pansi. Koma chifukwa cha kugwetsa nkhope komweko, mapazi awo ndinkawadziwa kuposa anga.

Ndinatsinzina kuti gwa. Kubwerera kumtunda madzi sakanandilola, kumunsi kunali dziwe lomwe aliyense ankati muli ng'ona, ndiye ndinati ndidikire amalize azipita. Kodi amayi pamtsinje amamaliza? Akusamba, akuchapa, akucheza, ana akuomba madzi ngati ng'oma, mwakuti thovu lomwe ndinkatulutsa ndinkati palibe akuliona. Kenako mpweya unayamba kuvuta. Ndikakoka unkabwera pang'ono, ndikakokanso n'kuchepa, m'makutu muli lililili, m'chifuwa ngati mwakhala munthu. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo ngakhale pansi pa mgodi. Ndinaganiza za mayi anga ku Zobwe akuuzidwa kuti mwana wanu wafera pamapazi a apongozi ake, ndinaganiza za mtsikana uja akuuzidwa kuti mwamuna wako amasuzumira mayi ako, ndipo ndinasankha kufa ndithu, koma chifuwa chinakana.

Ndinasiya mwala n'kukwawira posaya, n'kuimirira pakati pawo ndili chitsinzinire, n'kulavula paipi, ndipo ndi mpweya woyamba womwe ndinapeza ndinafuula kuti, "Odi kumadziko!"

Phokoso lomwe linabuka pamenepo ndikuganiza linamveka mpaka kumgodi. Ena ankati ng'ona, ena ankati mzimu wa m'dziwe, ana akulira, ndipo mayi wina wolimba mtima anandigenda ndi beseni lachitsulo, ndiye chipsera chija. Ine chiimire, maso chitsinzinire, kumangobwereza odi wanga. Kenako ndinamva nsalu yonyowa ikundiphimba mutu wonse n'kumangidwa pakhosi, wina n'kundigwira paipi n'kumandikoka kupita kumtunda. Mawu ake ndinawazindikira, anali apongozi. Anathamangitsa anzawo kuti akavale, ndipo poti ine sakanandilankhula maso ndi maso, anauza bango lomwe tinkadutsamo kuti liuze chinthuchi chiziyenda bwino pali minga. Anandikoka choncho mpaka pa dooko la asodzi, komwe patarau ankalira ngati mwana, mdala ali pa bwato akufufuza mtembo wanga ndi nsungwi. Mbuzi inabwerera ili pachingwe ndithu.

Mawa lake anandiitana pansi pa mtengo wa bwemba, amalume a mtsikana atabwera, amuna a amayi onse aja atabweranso nkhope zili gwa. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda monga mwa mwambo. Mdala anati ukwati watha, ankhoswe anga abwezedwe panjira, munthu wosuzumira akazi a eni sangalowe pakhomo pake. Mmodzi wa amalume anandifunsa kuti ngati sindinkasuzumira, ndinakhaliranji pansi nthawi yonseyo osatuluka. Ine, pofuna kuonetsa ulemu wanga, ndinati ndinkaopa kuvuuka chifukwa ndinadziwa kuti amayi ali pomwepo. Mdala anadzuka n'kundiloza chala, akuti ngati sindinaone kanthu ndinadziwa bwanji kuti mkazi wake ali pomwepo? Ndikukuuzani, pansi pa madzi paja panali bwino.

Ndiye kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola, apongozi n'kulankhula mosakweza mawu. "Waona mapazi. Chibwerereni pakhomo pano amaona mapazi omwewo, mlandu munayamba mwamuimbapo? Thovu lake ine ndinaliona kalekale, ndinkati ndi kamba wa m'madzi. Mwanayu anatsala pang'ono kufa kuti ine ndisachite manyazi. Inu amuna anga, tsiku lija munagwa ndi bwato pa dooko lathu, odi munanena?"

Amuna aja anayamba kuyang'ana kumbali mapewa akugwedezeka, wina analephera kudzigwira n'kuphulika, ndipo mdala anakhala pansi n'kumatokosa dothi ndi kamtengo. Patapita nthawi ananena, osandiyang'ana, kuti ankhoswewo akafika adzawapatse mphasa.

Mtsikana uja ndi amene ali m'nyumbamu lero, imvi zili mbuu. Galafa ndinapitiriza kuvala mpaka patarau atabwerera kwawo, ndipo aliyense wofuna kuphunzira ndimamuuza kuti phunzira, pansi pa madzi pali mtendere womwe kumtunda kuno kulibe. Koma chomwe ndimakhulupirira tsopano n'chakuti tsiku lija sindinapulumutsidwe ndi mpweya wa ku Beira, ndinapulumutsidwa ndi mayi amene mpaka kumwalira kwawo sindinawayang'anepo kumaso, ndipo pamaliro awo ndinalira kuposa ana awo obereka. Ndiye inu anyamata, chingwe musamachivule chifukwa wina waseka, ndipo musanalowe mumtsinje wa eni muziyamba mwafunsa kuti amayi amasambira pati, chifukwa si apongozi onse amene angakuphimbeni nsalu. Ambiri ndi a beseni.