Bodza la Pakhomo la Chipatala

Masiku aja tinkayenda ndi khadi la chipani m'mpango, ku chipatala cha pa Boma kunabwera adokotala odzapima amayi khansa ya khomo la chiberekero. Ine ndi alamu anga, a Nazimbiri, tinanyamuka ku Kamwendo tonse tili bwinobwino.

Woyamba kulowa ndinali ine. Nditaona chitsulo chopimira chili m'mbale, komanso kuti adokotalawo ndi aamuna, ndinabwerera m'mbuyo, ine yemwe ndinkadzitama kuti ndinabereka osalira. "Ndili kumwezi," ndinanama. Anamwino anati ndidzabwerenso.

Panja alamu anandifunsa, "Bwanji, zikupweteka?"

Ndinachita manyazi kunena kuti ndathawa. "Andipima, ndilibe kanthu. Koma chitsulo chake, mayo! Inu simukudwala, mukudzivutitsiranji?"

Anamanga chitenje, tinagula mandasi n'kubwerera kwathu.

Patapita zaka alamu anayamba kutaya magazi, ndipo ku Lilongwe anawauza kuti abwera mochedwa. Mwina tsiku lija sakanawapeza ndi kanthu, sindidziwa. Koma tsiku lina ndikuwasambitsa anandigwira dzanja, nati, "Bola inu alamu, munalimba mtima."

Ine ndinangoti, "Tembenukani, ndikutsukeni kumsana."