Mzati wa kwa Irmtraud

Irmtraud Bösel anabadwira ku Lindenrode, m'nyumba yachitatu kuchokera pa chitsime cha pamsika, ndipo anakalambira momwemo akusokera anthu makatani. Nyumba yake inali ya mitengo yopingasa ndi dothi ngati zonse za mumsewumo. Pamwamba pa chitseko anasemapo chaka cha 1702. Koma tsidya la msewu kunali nyumba ya Hedwig Kahle, yopendekeka ngati nkhalamba yodwala msana, ya 1486.

Alendo akabwera, wowaonetsa malo ankawaimika pakhomo pa Irmtraud, atafulatira chitseko chake, kuti ajambule bwino nyumba ya Hedwig. Ena ankamupondera maluwa. Hedwig yemweyo, amene kusukulu ankakopera masamu kwa iye, ankasuzumira pawindo n'kumabayibitsa ngati anaimanga ndi manja ake.

"Mwadzuka bwanji, anzanga a nyumba yatsopano?" ankatero akakumana kogula buledi. Irmtraud ankangoonetsa mano, mtima ukuwira.

Chaka china chinyezi chinalowa m'chipinda chake chapansi. Kalipentala atagumula pulasitala anapeza mzati wakuda bii, ndipo anati mtengo wotere si wa 1702. Irmtraud anaitanitsa katswiri woyeza zaka za mitengo. Kalata inabwera patatha miyezi iwiri: mtengowo unadulidwa mu 1471.

Irmtraud anavala diresi la kutchalitchi, n'kuwoloka msewu kalata ili m'manja. Hedwig anaiwerenga kawiri, kenako anapempha kukauona mzatiwo. Anatsika masitepe akudandaula za maondo, anavala mandala, n'kuyamba kuusisita. Chala chake chinaima pa kansomba kosemedwa m'munsi.

"Irmtraud, nsomba iyi ndi ya kwathu. Mizati yonse ya m'nyumba mwanga ili nayo."

Mabuku akale a kutchalitchi anamuikira umboni Hedwig. Mu 1699 moto unanyeketsa kuseri kwa nyumba ya a Kahle, ndipo Bösel wina anadzudzulidwa pamaso pa mpingo chifukwa chotuta mitengo yomwe inapulumuka. Akatswiri atayezanso mizati ya kwa Hedwig anapeza kuti nyumbayo inali yakale kuposa momwe anthu ankaganizira. A khonsolo anabwera kudzasintha chikwangwani cha pa nyumba ya Hedwig, kufufuta 1486 n'kulemba 1471.

Pa mwambo wosintha chikwangwanicho Hedwig anathokoza mnzake wapamtima pagulu, nati popanda iye zonsezi sizikanadziwika. Anthu anaomba m'manja. Irmtraud anadya zidutswa ziwiri za keke, n'kunong'oneza mkazi wa m'busa kuti inali youma.

Irmtraud anakhalanso ndi moyo zaka khumi ndi ziwiri. Ophunzira za nyumba zakale ankagogoda kupempha kuona mzati uja, iye ankawayankhira pazenera kuti masitepe ndi ovunda. Pa mzatiwo anakhomapo misomali itatu, ndipo nyengo yozizira iliyonse ankapachikapo anyezi.