Unesi wanga unathera pachigongono

Kwa chaka chathunthu, amayi a kutchalitchi kwathu ku Highfields ankanditchula kuti Sisitala, ine n'kumavomera. Tsiku loyamba atandifunsa zomwe ndimaphunzira kuyunivesite ya Loughborough, ndinachita manyazi kunena kuti ndimafufuza mmene boma la Italy limachitira ndi mayiko ena, makamaka pa nkhani ya maboti a anthu othawa kwawo. Mmalawi za Italy zamukhudza pati? Ndinangoti, "Ndili kuyunivesite." Iwo anamaliza okha kuti ndi unesi, monga amachitira Amalawi ambiri kunja kuno.

Lamlungu lina titaweruka, a Nabanda, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, anapinda mkono wa bulauzi n'kundipatsa kamakina koyezera BP. Lamba wake ndinamukulunga chozondoka, pachigongono penipeni. Kamakina kanalira katatu osaonetsa kanthu.

"Kodi Sisitala, kusukuluko amakuphunzitsani chiyani?"

Ndinaulula zonse, maso ali pansi.

A Nabanda sanaseke. "Ndiye mumabisiranji? Mnzanga wa ku Eritrea kuntchito sakudya n'komwe. Mchimwene wake ali m'boti lomwe akulikaniza kukocheza ku Italy. Akawatsitsa amapita nawo kuti?"

Zimenezo ndiye ndinkazidziwa. Lachiwiri lake ndinakhala pansi ndi mayi wa ku Eritrea uja, mapu ali patebulo, kumulongosolera njira yonse ndi mabungwe oti awafunse. Anachoka atamwako tiyi.

Mpaka lero a Nabanda amanditchulabe Sisitala, koma akandiona ndikubwera, kamakina kaja amakabisa m'chikwama.