Lobusita Zodulidwa Michira

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene matenda a korona anatitsekera m'nyumba ku Balga, kudziko la azungu kumene tinasamukira. Adadi anali kumgodi kumpoto, ndipo shifiti yawo inatalikitsidwa mpaka tinasiya kuwerenga masiku. Pakhomo tinatsala awiri, ine ndi amayi. Amayi masiku amenewo ankakayikira chilichonse. Paketi ya shuga ankaipukuta ndi sanitaiza, kalata ikabwera inkayamba yagona masiku atatu m'galaja, ndipo ine ndikangotsokomola ankandiyang'ana ngati ndaba nyama mumphika.

Koma amene ankawakayikira kuposa kachilombo anali a Trevor, mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe. Ukawapatsa moni ankangokweza chibwano. Kawiri konse anabwera kudzadandaula, koyamba kuti galimoto ya adadi yaponda kapinga wawo, kachiwiri kuti amayi a mvano akuimba mokweza kwathu. Kuyambira pamenepo amayi ankawatchula kuti mfiti ya kuseriyo, ndipo ine ndinkaseka, chifukwa nanenso sindinkawakonda.

Loweruka lina m'mawa ndinapeza bokosi losungiramo zozizira pakhomo, m'kati mukumveka kukwekwesa. Nditavundukula ndinakuwa. Munali zinkhanu zitatu zikuluzikulu za m'nyanja yamchere, zimene kuno amati lobusita, zamoyo, ndevu zake zazitali ngati mkono wanga, miyendo ikupalasa. Pamwamba panali kapepala. A Trevor analemba kuti azigwira okha m'mawa womwewo ndi kabwato kawo, tiziike kaye mufiriza kuti zigone, kenako tiziwiritse zathunthu m'madzi amchere kwa mphindi khumi ndi zisanu.

"Munthu wosayankha moni lero watipatsa ndiwo?" amayi anatero, manja ali m'chiuno. "Akufuna chiyani?"

Mwina akanangodandaula pang'ono, n'kuphika, tonse n'kudya. Koma ine, ndi maso anga akuthwa amene ndinkanyadira, ndinaona kanthu. Nsonga ya mchira wa lobusita imatambasuka ngati zala zisanu. Pa iliyonse, kachala kapakati kanali kodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Zonse zitatu, malo amodzimodzi.

"Amayi, taonani. Adula."

Amayi anawerama, anayang'anitsitsa, n'kudzuka pang'onopang'ono. Iwo anakulira ku Dowa, kumene ukapeza chitenje chako pachingwe chitadulidwa m'mphepete, suchita kuuzidwa kuti wina akukukonzera zoipa. Anaimbira foni Anti Nabanda, mnzawo wa kutchalitchi wokhala ku Armadale, n'kuwaonetsa michira ija pavidiyo.

"Iii, amake Tadala, zotayatu izo!" anti anatero. "Azungu nawonso ali nazo zawo. Nanga tizidutswato watisungira chiyani?"

Kutaya kunali kovuta. Mabini athu a zinyalala ndi a kwa a Trevor ankaima pamodzi pamsewu, fungo likanatiulula. Komanso amayi chibadwire sanatayepo chakudya. Apa ndi pamene ndinabweretsa nzeru yanga, ndipo ndikuvomera kuti inali yangayanga. Ndinkamva adadi akunena kuti kumudzi mwini thobwa amayamba walawa mlendo asanamwe, kuti pasakhale chikayiko. Ndinati tiphike, imodzi tikawapatse a Trevor eni akewo, tione ngati adye. Akakana, basi tadziwa. Amayi anati, "Mwana iwe uli ndi mutu."

Tinaziika mufiriza mpaka miyendo inasiya kupalasa. Amayi anatulutsa poto wamkulu wophikira pa Khirisimasi, anathira madzi ndi mchere wodzaza dzanja, ndipo madzi atabwadamuka anaziponyamo zathunthu, mitu kutsogolo, milomo yawo ikuyenda ndi pemphero. Ndevu zinatsalira kunja kwa poto, anachita kuzipinda ndi mthiko. Posakhalitsa zinasanduka zofiira psuu, khitchini yonse n'kumanunkha nyanja. Mphindi khumi ndi zisanu zitakwana ndinati tiphule.

"Iye akuti khumi ndi zisanu?" amayi anatero. "Ndiye ife tifikitsa ola."

Ankafuna chilichonse chimene chinali m'menemo, kaya kachilombo kaya mankhwala, chife ndithu. Ola litakwana anaika imodzi pambale, mpunga pambali ndi supu wa tomato ndi anyezi. Ndinavala masiki n'kupita kumpanda wa kuseri. Amayi anaima pawindo la khitchini, litatsegulidwa, iwo atabisala kuseri kwa katani.

A Trevor anali pakhonde pawo akutsuka zingwe za bwato. Ndinaika mbale pamwamba pa mzati wa mpanda n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinati amayi atumiza, ndipo ndinawonjezera bodza loti mwambo wa kwathu sulola wobweretsa chakudya kuchoka mwini asanalawe. Anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali osaigwira. Chamumtima ndinati eya, tamugwira.

Kenako anaitenga, anakhala pampando, anapotokola mchira kamodzi n'kuuthyola, n'kuyamba kudya. Nyama inali italimba ngati labala. Ndinkaona nsagwada zawo zikuvutika. Koma anadya, akusunsa m'supu, mpunga wonse anamaliza, mpaka kuyamwa timiyendo. Atatukula mutu, maso awo anali atalenga misozi.

"Ukawauze amayi ako kuti zikomo," anatero m'Chingelezi chawo chomeza mawu. "Chimwalirireni mkazi wanga palibe amene anandiphikirapo. Mwana wanga ali ku Melbourne, malire anatseka. Ndimangodya za m'zitini, nditaimirira."

Ndinasowa poyang'ana. Kuti ndingonena kanthu, ndinafunsa za michira ija.

"Limenelo ndi lamulo," anayankha, akupukuta kukamwa. "Ife ogwira zongodya pakhomo timayenera kudula pamenepo tikangozikweza m'bwato. Ndi chizindikiro choti si zogulitsa. Udye wekha, kapena upatse anzako."

Nditalowa m'nyumba ndinapeza amayi atakhala patebulo, lobusita ziwiri zikuzizira patsogolo pawo. Anali atamva zonse. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangoti chapansipansi, "Tadala, munthu uja ife tamuyesa galu wolawitsa chakudya. Iye watiyesa abale." Tinadya masana amenewo aliyense akulimbana ndi labala wake.

Kuyambira sabata imeneyo mbale inkadutsa pampanda Lamulungu lililonse, ndipo palibe ankaima kuyang'anira. A Trevor anawaphunzitsa amayi kuphula lobusita nthawi yake, kuing'amba pakati ndi kuchotsa kamtsempha kakuda ka kumsana. Moni anapitirizabe kuyankha ndi chibwano. Anali chabe munthu wotero.

Malire atatsegulidwa, a Trevor anagulitsa nyumba kuti akakhale ndi mwana wawo. Tsiku lotsanzikana anagwira dzanja la adadi n'kuwauza za mbale yoyamba ija, kuti tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti ali ndi anansi abwino. Adadi ankamwetulira monyadira. Ine ndi amayi tinkangoyang'ana pansi.

Panopo ndine wamkulu, ndipo ndikumvetsa kuti funso limene ndinafunsa pomalizira ndi limene ndinayenera kuyamba nalo. Linali funso limodzi, lalifupi, ndipo Chingelezi ndinkachidziwa kuposa aliyense pakhomo pathu. Sindinafunse chifukwa kukayikira munthu amene sindinkamukonda kunkanditsekemera. Manyazi a kulakwitsa za michira anandithera kalekale. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti bambo aja amakumbukira tsiku lija ngati tsiku limene tinawachitira chifundo, pamene ine ndinaima pampanda paja ndikufunitsitsa kuti akane kudya.