Mphuno Yoimba ya Atate

Atate anali ndi mphuno yoimba. Ng'ombe yolimira inawagunda ndi nyanga akuimanga goli kwathu ku Kasenengwa, mbali yakumanzere ya mphunoyo n'kuphwafuka. Akakoka mpweya, kabowoko kankatsekeka n'kulira kuti fyii! Anafe tinkaikonda mphunoyo chifukwa inkatichenjeza tikamaba nsawa zambewu.

Amene ankaidalira zenizeni ndi amayi, maso awo atachita khungu. Ali pakhonde ankangoti, "Tenthetsani madzi, atate anu afika pamango paja." Ife openyafe tinali tisanaone kanthu.

Atate atakalamba, mpweya unayamba kuwachepera. Pa zitunda za ku Chipata ankatsika njinga n'kumapumira kukamwa. Ine, mphunzitsi wa m'tauni wodzimva kuchangamuka, ndinawatengera kwa madokotala obwera amene ankakonza nkhope. Dokotala anati kunsonga kwa mphuno kulibe fupa, kuli tizichereŵechereŵe tiwiri topindika, tonga tija timakukuta pa chidale cha nkhuku, ndipo n'timene timatsegula mabowo. Kamodzi kanali kothyoka. Anati adula kachidutswa kukhutu kuti akachirikize nako.

"Ndiye mphuno izimva nawo miseche?" anafunsa atate.

Tinabwerera kumudzi mphuno ili chilili, ili zii. Ndinkayenda monyada ngati ndaisoka ndine. Atate anakhala pamphasa pafupi ndi amayi, amene ankasenda nsawa. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Nanga atate ako wawasiya kuchipatala?"

"Ndili pompano, mayi," anatero atate.

Lichero linagwa, nsawa mbwee. Amayi anapapasa nkhopeyo, kenaka anati, "Tsono ndizidziwa bwanji kuti muli pakhomo?" Analira. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa zimenezo sindinaziganizepo n'komwe.

Atate anali mkulu wa mpingo, ndipo ankati likhweru ndi la abusa a mbuzi. Amene waimba pakhomo ankalawa kamkwapulo. Koma m'mawa mwake, atate akuchokera kudimba, tinamva munthu pamango paja akulimbana ndi milomo, mpweya wambiri, nyimbo palibe. Tinaseka mpaka kugwira nthiti.

"Kuipa kwake!" anatero amayi. "Tenthetsani madzi."

Atate sanaliphunzire bwino likhwerulo, komanso sanalisiye mpaka tsiku lomwe tinawanyamula. Amayi anatsala zaka zingapo. Ndikapita kukawaona, ndinkawapeza pakhonde pomwepo, khutu atalozetsa kumango. Ndinkaima pamtengopo, n'kunyowetsa milomo, koma sindinayerekeze.